Mawindibuleka ndi Chitengwa Changa

Nkhani iyi achimwene anga amaikamba pa ukwati uliwonse, ndipo amaithira mchere wambiri. Bola ndiinene ndekha, manyazi anga ndiwasenze ndekha.

Ndine kapitawo pa esiteti ya fodya kuno ku Mchinji. Chaka chatha ndinagula kagalimoto, kamene ndine mwini wake wachinayi. Mabuleki ankalira, eyakoni yoziziritsa mkati inafa kalekale, batire inali yokankha. Ine nditakayang'anitsitsa ndinaona kuti chimene chikusowa ndi mawindibuleka, timapulasitiki takuda tija amaika pamwamba pa mawindo kuti ukatsitsa galasi pang'ono mpweya uzilowa koma mvula ayi.

Anandiikira ndi Sinoya, makaniko wa pa boma, Lachisanu masana. Mawindibulekawo anawalowetsa mumpata momwe mumayenda galasi, n'kukweza mawindo onse mpaka m'mwamba.

"Abwana, masiku awiri osatsitsa windo. Galasili ndi limene likupanikiza guluu. Mukatsitsa zidzamatuka, ndipo musadzandipeze."

"Ngakhale pang'ono chabe?"

"Ngakhale kulavula!"

Tsono mawa lake linali tsiku lokapempha chitengwa. Zaka zisanu ndi chimodzi mkazi wanga ndi ana akukhala kwawo ku Kapondo, ine n'kumawayendera Loweruka ngati mlendo. Ndinatopa nazo, ndinkafuna banja langa pakhomo panga. Achimwene, omwe ndi ankhoswe anga, anali atatsogola. Mawu omaliza anali kwa a Gelevazio, amalume a mkazi wanga, eni mbumba. Salankhula zambiri, amangokuyang'ana ngati akusankha fodya.

Unali mwezi wa Okutobala. Ndinavala jekete, n'kudzitsekera m'galimoto. Pofika theka la ulendo malaya anali atamatirira kumsana, koma mawindibuleka ankaoneka bwino kwambiri.

Nditatsala pang'ono kulowa m'mudzi ndinaona munthu wa panjinga akukweza dzanja. A Gelevazio, akuchokera kudimba! Ndinaima. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anavula chipewa, n'kubwera pawindo langa. Munthu wamkulu ngati ameneyo kundivulira chipewa ine.

Chala changa chinafika pabatani. Pomwepo ndinakumbukira Sinoya.

"Mwadzuka bwanji, amalume!" ndinakuwa ndili m'katimo.

Milomo yawo inayenda, koma sindinamve kanthu. Injini sindikanaizimitsa, akanaikankha ndani? Anagogoda pagalasi. Go! Go! Go!

"Guluu, amalume! Sanaume!"

Anawerama kuti asuzumire bwino, dzanja lawo n'kutsamira pa windibuleka yeniyeniyo.

"Ayi, ayi, musagwire pamenepo!"

Ndinakupiza manja onse awiri. Ine ndinkateteza pulasitiki, koma kwa munthu woonera kunja, umu ndi mmene timaingitsira nkhuku. Amayi atatu ochokera kumjigo anaima ndi ndowa zawo pamutu. Wina anatula yake kuti aonere bwino.

Pofuna kukonza zinthu, ndinawomba m'manja mwaulemu, ndikuwerama mpaka chipumi chinagunda hutala. Piiii!

A Gelevazio anabwerera m'mbuyo. Anavala chipewa chawo mosafulumira, n'kukwera njinga. Ndinawatsatira pang'ono, kenako ndinaona kuti zikuoneka ngati ndikuwathamangitsa, ndiye ndinawapitirira. Fumbi lonse linawathera iwo.

Masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango, abale a mkazi wanga mbali iyi, ife mbali iyo. Achimwene anali atangoyamba mawu awo okoma pamene a Gelevazio anakweza dzanja.

"Tisanapite patali, akamwini atiuze chimene ndinawalakwira pamsewu paja."

Ndinasangalala, chifukwa yankho ndinali nalo. Ndinafotokoza zonse. Ndinati mvula ikamagwa umatsitsa galasi osanyowa, magalasi sachita nthunzi, mphepo siiwomba m'makutu, ndipo ukaimika padzuwa umasiya kampata osaopa kanthu. Ndinafotokozanso za guluu ndi lamulo la Sinoya. Ndinalankhula ngati ndine wogulitsa. Achimwene ankandiponda phazi, ine n'kumaganiza kuti akundilimbikitsa.

A Gelevazio anamvetsera mpaka kumapeto, fumbi likadali m'nsidze.

"Ndamva. Ndiye kuti windo silimayenera kutseguka."

"Eya, amalume."

"Masiku awiri."

"Ndendende!"

"Nanga panopa muli pampandopa, m'galimotomo mwatulukira pati?"

"Pachitseko."

"Oho," anatero. "Chitseko chimatseguka."

Achimwene anayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati akuziona koyamba. Mkazi wanga anadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankalira kapena ankaseka. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kunena zoona, nthawi yonse ija pamsewu, chogwirira cha chitseko chili pafupi ndi bondo langa, maganizo amenewo sanandifikepo ngakhale kamodzi.

"Nanga za chitengwa zija?" anafunsa achimwene ndi mawu otsika.

A Gelevazio anaimirira, n'kusasa thalauza.

"Mwana wathu abakhala konkuno. Guluu ayambe wauma."

Chaka chikutha tsopano, ndipo ndikafunsa amati sanaumebe.

Ndiye mukandifunsa ngati mawindibuleka ndi othandiza, ndikuti gulani: mvula siilowa, mphepo siilowa, ngakhale nzeru sizilowa.