Kamba wa Ulendo wa ku Joni

Lolemba
M'mamawa, nkhungu yaphimba phiri lonse, kukuzizira. Achemwali akupita ku Joni Loweruka, kwa alamu. Pa ndege! Aliyense pakhomo pano akukonza mawu otsanzikana nawo. Ine mawu amandikanika, ndikati ndilankhule ndimangoyang'ana zala zakuphazi. Ndiye ndiwakonzera kamba wa paulendo. Alamu popita pa basi anagona panjira, kamba n'kuwathera ku Tete. Achemwali anga zisawaonekere.
Nkhuku yanga yoyera ija. Mbatata. Chinangwa. Mtedza wokazinga. Thobwa chigubu chodzaza.

Lachiwiri
Ku Songani kukagula chigubu ndi chimera. Mayi wogulitsa akuti, "Ku Joni? Onjezerani achemwa, n'kutali uko." Ndaonjezera nthochi. Thobwa lili pamoto.

Lachitatu
Kwabwera aphunzitsi a ku Mishoni amene anakwerapo ndege. Akuti chigubu cha zakumwa salola kulowa nacho. Thobwa lonse lija! Amwa a kwaya amene anabwera kudzatsanzika. Akuti lakoma.

Lachinayi
Kani chikwama amachiyeza pa sikelo ngati nandolo. Tabwereka sikelo kugolosale. Chalemera. Amayi akuti, "Mwanawe, ukufuna ndegeyo ikanike kudzuka?" Zatuluka: chinangwa, mbatata, nthochi. Nsapato za achemwali zatsala momwemo.

Lachisanu
Nkhuku ndapha. Ndili mkati mokazinga, achemwali aima pakhomo la khitchini. "Iwe, kuchoka ku Chileka kukafika ku Joni ndi maola awiri ndi pang'ono basi. Ndiponso chakudya amapereka momwemo." Maola awiri! Mtunda womwe uja alamu anatupa nawo miyendo? Nkhuku yafa kale.

Loweruka
Chileka. Nkhuku ndabwera nayo m'jumbo, mwina achemwali asintha maganizo. Sanasinthe. Amayi alankhula. Amalume apemphera kawiri. Nthawi yanga itakwana ndangoti, "Chabwino." Basi! Koma mtedza ndawaponyera m'thumba la jekete tili mu minibasi, osaona.
Ndege yapita. Pobwerera minibasi yathu yafera pa Namadzi. Makaniko akuti akubwera. Dzuwa lapendeka, sakubwera. Foni ya amayi ikulira: achemwali afika, ali kale m'galimoto ndi alamu. Ife pa Namadzi pomwepa, njala ili thoo! Ndamasula jumbo. Amalume adya ntchafu zonse ziwiri. Kondakitala khosi.

Lamlungu
Miyendo imene yatupa ndi yanga. Ulendo wautali unali wathu, ndipo kamba wadyedwa ndi eni ake.
Pochoka ku tchalitchi amayi andipatsa foni, achemwali ali pa mzere. "Iwe, mtedza uja ndinaupeza tili m'mitambo. Ndinalira mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anandigwira dzanja, ankayesa ndikuopa ndege." Akudikira kuti ndinenepo kanthu. Ndati, "Chabwino." Aseka, akuti amva.
Chigubu ndatsuka, tizisungiramo madzi. Khola lilibe nkhuku yoyera.
Ndalekera pano, Lamlungu, 4 koloko madzulo.