Mlatho wa a Ndekha

A Pilato sankafuna kuthandizidwa. Mukawapeza atagwa ndi njinga m'ngalande n'kuwatambasulira dzanja, ankakuyang'anani ngati mwawatukwana. "Ndidzuka ndekha," ankatero, n'kukhala kaye m'matopemo mpaka inu mutapita. Mudzi wonse unkawatcha a Ndekha, ndipo amene anatopa nalo kwambiri dzinali ndi akazi awo, mayi Eneles.

Anali makaniko pa esiteti ya tiyi. Atapuma pa ntchito anatuluka m'nyumba ya kampani n'kudzakhala chikamwini kwawo kwa mayi Eneles, imvi zili mbuu. Zimenezi zinkawawawa. Munda unali wa akazi awo, malo a nyumba a akazi awo, ngakhale mtengo wa mapeyala umene anabzala okha, alamu awo a Mackson ankautcha "wa achemwali."

Tsono pakati pa mudziwo ndi msewu pali kamtsinje, kofatsa m'chilimwe koma kamisala mvula ikagwa kuphiri. Chigayo, msika, manda, zonse zili kutsidya. Chisankho chikayandikira, ofuna uphungu ankadzaima m'mbali mwake, kuloza uku ndi uku, kugawa nsalu za chipani, basi osaonekanso. Mayi Eneles, ndi mawondo awo otupa aja, ankawoloka ali kumsana kwa anthu popita ku Boma kukatenga mankhwala. Tsiku lina a Mackson anaterereka nawo pakati pa madzi, onse awiri khuvu! Mayiwo anafika kunyumba akulira ndi manyazi.

"Mayi a Rosie, ndikumangirani mlatho," anatero a Pilato kwa akazi awowo.

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

Mayi Eneles anangopitiriza kufinya chitenje chawo.

Sabata yotsatira thirakitala inadzakhuthula pabwalo njanji ziwiri zakale ndi mulu wa zitsulo zophwatalala, zotayidwa kufakitale, zoti aziyale pamwamba pa njanjizo. Chitsulo chimodzi chinkafuna amuna amphamvu angapo. A Pilato anali ndi jeke ya galimoto, chingwe, mitengo ya bulugama yogubuduzirapo, ndi makani awo.

Njanji zokha zinadya chilimwe chathunthu. Atafika pa zitsulo, zinthu zinachita kukwawa. Ankatukula ndi jeke, kulowetsa mtengo, kukankha, kukhala pansi, kutukwana, kuyambiranso. Dzuwa likamalowa chitsulo chinkakhala chitasuntha pang'ono moti mwana wokwawa akanachipitirira. Nkhuku inaikira mazira pansi pa chimodzi, n'kuswa, anapiye n'kukula, chitsulocho chisanadutse nkhokwe.

"Alamu, tigwire kumutu kuno?" anafunsa a Mackson.

"Mugwire, kuti mawa muzinena kuti mlatho ndi wa banja lanu? Pitani mukagwire khasu."

Mayi Eneles anatopa. Anatopa kuphika madzi othowera msana, kumanga zala zophwanyika, kumva nyundo kuyambira mbandakucha. Mvula inabwera n'kupita, inabweranso, iwo akuberekedwabe powoloka. Ndiye anaitana achimwene awo aja kuseri kwa khitchini.

"Loweruka lililonse alamu anu amapalasa njinga kupita ku Chitakale kukasaka mabawuti," anatero. "Muzibwera ndi anzanu muzisunthako zitsulozi. Koma pang'ono, asadziwe."

Loweruka loyamba a Pilato atabwerako anaima nthawi yaitali, manja m'chiuno, akuyang'ana chitsulo chimene chinali chitayenda chokha mpaka pa mtengo wa mango.

"Mwaona, mayi a Rosie? Dzulo ndinakankha kwambiri, sindinazindikire n'komwe."

"Mphamvu muli nazo, bambo."

Loweruka lina amuna aja anasangalala nayo ntchito mpaka ananyamula chitsulo n'kukachiyala pamlatho penipeni. Mayi Eneles anatulukira atagwira mutu.

"Mukufuna kundithetsera banja? Bwezani!"

Anachinyamulanso akudandaula, kukachisiya pakati pa njira.

Umo ndi mmene mlatho unakulira, Loweruka ndi Loweruka, mpaka kunatsala chitsulo chimodzi. Pakati penipeni panali mpata woti mnyamata ankangodumpha, ana asukulu n'kumachitapo mpikisano. Koma mawondo a mayi Eneles sakanadumpha ngakhale mzere wa mbatata. Ankafika pampatapo, kuyang'ana madzi pansi, n'kubwerera kukafuna msana wa munthu.

M'chaka chimenecho a Pilato anayamba kutsokomola. Ankatuluka ndi jeke yawo, kuiika pansi pa chitsulo chotsalacho, n'kukhala pamwamba pake akupuma movutika. Kenako analeka kutuluka. Phala ankakana kumwetsedwa, n'kumagwira okha supuni mpaka theka kuthera pabulangete.

Masana ena anaitana akazi awo.

"Mayi a Rosie, chitsulo chotsala chija. Mukawauze anthu anu a Loweruka aja kuti mbali yokhala ndi mabowo iloze kuphiri. Ndipo azinyamula, asamakoke. Amandipindira ngodya."

Mayi Eneles anakhala pansi pamphasa. "Mumadziwa?"

"Ine makaniko. Mabawuti angati amene munthu angasake Loweruka lililonse? Ndinkangokhala pansi pa mtengo kumsika kuja, kudikira kuti mumalize."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena, ukanakhala wa ndani mlathowo?"

Anamwalira mkati mwa dzinja, mvula itagwa kuphiri masiku otsatizana. Mtsinje unali utadzaza, ndipo manda ali kutsidya. Bokosi silidumpha mpata. M'mawa wa tsiku loika maliro a Mackson ndi anzawo ananyamula chitsulo chija, mabowo kuloza kuphiri, n'kukachigoneka pamalo pake madzi a tiyi wa pamaliro asanawire. Mayi Eneles ataona kufulumira kwake anaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, amayi anzawo n'kuwagwira.

Woyamba kuwoloka mlatho wathunthu anali a Pilato eni ake, ali pamapewa a alamu awo. Atafika pachitsulo chomalizacho mayi Eneles anagogoda bokosi pang'ono ndi dzanja.

"Bambo, lero lokha musakane. Akunyamulani."

Masiku ano kumudziko kuli zii. Nyundo ija simveka, ndipo Loweruka m'mawa amuna aja amangozungulira pabwalo la achemwali awo, osadziwa chogwira. Ngakhale a Mackson, amene chilichonse amachitcha cha banja lawo, akamalozera mlendo njira amati, "Mudzere pamlatho wa a Ndekha."

Mayi Eneles amapitabe ku Boma kukatenga mankhwala. Amayenda pang'onopang'ono ndi ndodo, zitsulo zikulira pansi pa mapazi awo. Tsiku lina a Mackson anawathamangira n'kuwagwira mkono.

"Achemwali, ndikuwolotseni."

Mayiwo anachotsa dzanjalo mwaulemu.

"Ayi, achimwene. Anandimangira kuti ndiziwoloka ndekha."