Mmene Ndinatsekera Pakamwa Amayi Nabanda

Mpaka lero ndikalowa m'tchalitchi chathu cha ku Bertrams, ku Joni kuno, pali azimayi ena amene amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndinazolowera. Ndimangoti zikomo, n'kukakhala pafupi ndi masipika pamene pali malo anga. Koma poti nkhaniyi aliyense amaikamba mmene akufunira, ena mpaka akuti ndinalira (sindinalire, linali thukuta), ndati lero ndiifotokoze ndekha mwiniwakene.

Ndimagwira ntchito ku Jeppestown, pa kashopu kokonza mafoni ndi makina a magemu. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira gemu ina yoimba. Umagwira maiki, nyimbo n'kuyamba, ndiye pa sikirini pamayenda timizere, tina m'mwamba tina m'munsi, mawu a nyimboyo ali pansi pake. Pamakhalanso kamuvi kotsatira liwu lako. Ukakweza liwu kamakwera, ukatsitsa kamatsika. Kamuviko kakamayenda pamwamba pa timizere ndiye kuti ukuimba molondola, ndipo pomaliza makina amakupatsa malikisi pa handiredi. Tsono timizereto sitidziika tokha. Pamafunika munthu wokhala pansi n'kuika kamzere kalikonse pamalo pake, kakwere pati, katalike bwanji, n'kuduladula mawu a nyimbo kuti chidutswa chilichonse chigwere pa kamzere kake. Ntchito imeneyi amati kutchata nyimbo. Ndinaiphunzira pa intaneti masiku amene kushopu kunalibe makasitomala, ndipo nditatchata nyimbo zinayi za azungu ndinayamba kuyenda ngati munthu wopita kuyunivesite.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndimatha kuimba. Nditangofika ku Joni ndinapita kukalowa kwaya ya kutchalitchi, ndipo nditayeserera nawo tsiku limodzi lokha, atcheya a kwayayo, abambo Mbewe, anandiitanira pambali n'kunena kuti mpingo ukusowa kwambiri munthu wa luso la mawaya. Ndinanyadira. Zaka zinayi ndakhala ndikulumikiza masipika ndikuganiza kuti anandikweza paudindo.

Woyambitsa nyimbo m'kwayamo anali amayi Nabanda. Amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu, ndipo Lamlungu ndilo tsiku lokha limene amakhala munthu wodziwika. Akangotsegula pakamwa ngakhale ana amasiya kuthamangathamanga. Ali ndi nyimbo yawo imene anapeka okha akusita zovala za abwana, yoti "Mwandisunga kutali ndi kwathu", ndipo pampingo pathu sipachitika ukwati kapena maliro nyimbo imeneyo osaimbidwa. Chaka chathachi kunabwera Getrude, mtsikana wa ku Chipata woluka tsitsi pa saluni, wa liwu lokoma ngati la pa wailesi. Ukwati wa mnyamata wina wa mumpingo utayandikira, achinyamata anayamba kunong'onezana kuti amayi akula, nyimboyo ayambitse Getrude. Akuluakulu anakana. Kwaya inagawikana pakati, ndipo mkazi wanga, amene amaimba nawo, ankabwera kunyumba mutu ukumupweteka.

Palibe amene anandifunsa maganizo. Ndinadzipereka ndekha. Loweruka lina ndikupinda mawaya ndinamva abambo Mbewe akudandaula kuti aliyense amene angamusankhe, mbali inayo iwada.

"Abambo, musavutike," ndinatero. "Nkhani iyi iweruze kompyuta. Kompyuta ilibe mbale, ilibe mnansi."

Ndikuganiza kuti anali atatopa basi, chifukwa anangoti, "Mara zimenezo zingathekedi?" Ine ndinati shapu, ndipatseni sabata imodzi.

Vuto linayambira apa. Nyimbo za azungu zija zimabwera liwu la woimba lili palokha, loyera, ndiye pali pulogalamu imene imalimvetsera n'kukusonyeza pamene timizere tiyenera kukhala. Iwe umangokonza apa ndi apo. Koma nyimbo ya amayi Nabanda ndinaijambula pa foni tsiku limene magetsi anazima. Munali jenereta, munali mateksi akuliza mahutala pamsewu, munali mwana wa munthu wina akulirira chingamu. Pulogalamu ija inatchata jenereta. Ndinayesa kawiri, katatu, timizere tonse tinangondanda pamzere umodzi.

Munthu wanzeru akanapita kwa amayiwo kukawapempha kuti aimbenso pamalo a zii. Koma ine ndinati ndikatero achinyamata anena kuti ndakondera. Ndiponso, ndinadzifunsa, nyimboyi sindikuidziwa ine? Ndaimva kambirimbiri. Ndiye Lachitatu masana, mkazi wanga ali kuntchito, ndinatseka chitseko, ndinadzifunditsa bulangete pamodzi ndi laputopu kuti phokoso lisalowe, n'kuimba nyimbo yonse ndekha. Ndinaimba ndi mtima wanga wonse. Pulogalamu inatsatira liwu langa bwinobwino, timizere tinatuluka tokwera ndi totsika, ine n'kuduladula mawu, mwa-ndi-su-nga, chilichonse pamalo pake. Nditayesa kuimba m'gemumo ndinapeza 96. Ndinati onani, tchati yake ndi yolondola. (Inde, ndikudziwa. Musandiuze.)

Loweruka ndinabwereka sikirini yaikulu kushopu n'kuinyamula pa teksi, anthu akunditukwana mu Chizulu njira yonse. Kwaya inadzaza. Ngakhale amene anasiya kalekale kubwera kudzayeserera anabwera kudzaonerera.

Anayamba ndi amayi Nabanda. Anagwira maiki, n'kutsinzina monga amachitira nthawi zonse, n'kuyamba. Anthuni, tsiku limenelo anaimba. Tsitsi linandiimirira. Mayi wina kumbuyo anali atayamba kale kupukuta misozi. Koma pa sikirini kamuvi kaja kankangodziyendera kokha m'mwamba, timizere tanga tili pansi, osakumana olo pang'ono. Pamene iwo akukwera, timizere tikutsika. Pamene iwo akukoka liwu, kamzere katha kale. Atamaliza, makina analemba 38.



Kenako Getrude. Iyeyu ndi mwana wa masiku ano, wakulira pa foni, ndiye sanatsinzine. Anayang'anitsitsa sikirini, ataona kuti kamuvi kali pamwamba, anatsitsa liwu n'kuyamba kuthamangitsa timizere tija. Kamzere kakakhota, naye ankakhota. Zimene zinatuluka pakamwa pake sinali nyimbo imene tonse timaidziwa, ndipo ndinaona abambo Mbewe akukanda khutu. Makina analemba 61.

"Eish," anatero Getrude, akubweza maiki. "Ine sinimvela bwino, monga naimba vinangu."

Apa ndi pamene ndikanatseka pakamwa. M'malo mwake ndinaimirira, n'kukonza kolala, n'kufotokoza kuti khutu la munthu limanyengeka ndi chizolowezi, koma makina sanama. Ndinawonjezanso (Mulungu andikhululukire) kuti munthu akamakula liwu limayamba kuthawa pamalo pake iye osadziwa.

Amayi Nabanda sanakangane ndi munthu. Anamanga bwino chitenje chawo, n'kutenga chikwama.

"Ngati mawu atha, atha," anatero. "Ndaimba mokwanira. Mukanangondiuza kale ana inu, osandisiya ndizikuchititsani manyazi."

Lamlungu anakhala benchi yakumbuyo. Nyimbo zonse anangoyang'ana pansi, milomo osagwedeza. Lamlungu linalo chimodzimodzi. Ndinkawaona bwinobwino ndili pamasipika paja, koma ndinkadziuza kuti si ine, ndi sayansi. Kwaya nayo, poti makina anali atalankhula, inapempha kuti iziyeserera motsatira timizere. Anthu makumi awiri anayamba kuphunzira nyimbo ya amayi Nabanda mmene ndinaiimbira ine m'bulangete muja.

Amene anandigwira ndi mkazi wanga. Anabwera kuchokera kokayeserera, anakhala pabedi osavula n'komwe nsapato, akung'ung'udza nyimboyo motsitsa. Kenako anasiya pakati.

"Bambo a Tadala, timizere tija munatitenga kuti?"

"Pa kompyuta."

"Kompyutayo inamvera ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za jenereta, za mahutala, za mmene pulogalamu imagwirira ntchito. Anandidula.

"Sabata yonseyi ndakhala ndikudzifunsa kuti kaimbidwe aka ndinakamva kuti. Lero ndakumbukira. Ndi mmene mumaimbira mukamasamba."

Ndinati bwanji, kodi ndikamasamba ndimaimba molakwika? Anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni, chimene sanandiyang'ane nacho ngakhale tsiku limene anandibera foni.

"Zaka zisanu ndi zitatu ndakubisirani chifukwa ndimakukondani. Koma mayi aja asiya kuimba. Loweruka mukanena nokha, apo ayi ndikanena ine, ndipo ine ndikanena zambiri."

Loweruka ndinanyamulanso sikirini ija. Abambo Mbewe anachita kukawatenga amayi Nabanda kunyumba, chifukwa ankakana. Ndinaima kutsogolo n'kuyamba kuzungulira. Ndinati pa nkhani ya umisiri nthawi zina pamakhala timavuto ta apa ndi apo, ndinati gwero la liwu limene tinagwiritsa ntchito mwina silinali loyenerera kwenikweni. Anthu ankangondiyang'ana. Mkazi wanga anadzuka, anatenga maiki, n'kundiika m'manja.

"Imbani," anatero.

Ndinaimba. Ndikanatani? Ndipo kamuvi kaja, kamene kanakana amayi Nabanda, kanagona pa timizere ngati kabwerera kwawo. Kamzere kalikonse kankawala ndikakafika. Sikirini inayamba kuthwanima, nyenyezi zikugwa, makina akundiyamikira pa mzere uliwonse. Koma nthawi imeneyi masipika anali olumikizidwa bwino (ndinalumikiza ndekha), ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinamva liwu langa likuchokera kunja kwa mutu wanga. Linkamveka ngati geti la dzimbiri. Ndinafuna kusiya, mkazi wanga anandikodola kuti pitirizani. Pomaliza makina analemba 97.

Woyamba kuseka anali Getrude. Anayesa kutseka pakamwa ndi manja, zinakanika, anagwera pa mnzake. Kenako kwaya yonse. Abambo Mbewe anatuluka panja, tinkangowamva akutsokomola kuseri kwa khoma. Ine thukuta lili kamukamu, ndinafotokoza zonse, za bulangete ndi zonse.

Amayi Nabanda okha ndiwo sanaseke. Anadikira mpaka phokoso litatha.

"Ndiye ukundiuza kuti masabata awiri onsewa ndakhala ndikumwa jinja ndi mandimu, madzi ozizira osakhudza, ndikugwada kupempha Mulungu andibwezere mawu, kuti ndiziimba chonchi?"

"Pepani amayi."

"Ndinasiya kuimba ngakhale posita. Madamu mpaka anandifunsa ngati kumudzi kwagwa maliro."

Pamenepo palibe anasekanso. Ndinagwada pa simenti, osati mwamwambo chabe ayi. Ndinapepesanso, ndipo ndinawauza kuti tsiku lija anaimba bwino kuposa masiku onse, ndinamva ndi makutu angawa, koma ndinasankha kukhulupirira sikirini chifukwa sikiriniyo inali yanga.

Amayiwo anayesa kubisa kumwetulira, koma zinakanika.

"Dzuka mwanawe. Mayi ako kumudzi akudziwa kuti umaimba chonchi?"

Paukwati paja anayambitsa ndi amayi Nabanda, Getrude akuwapolokezera, ndipo zinatenga masabata atatu kuti kwaya iiwale kaimbidwe kanga. Panali malo amodzi pamene anyamata a besi ankatsetserekerabe kwa ine, amayi n'kuwatembenukira ndi diso, iwo n'kubwerera. Nditapita kukawapempha kuti ndiwajambule bwinobwino pamalo a zii, nditchatenso nyimboyo molondola, anandiyankha kuti makina angawo aziimba okha. Anandipatsa mandimu amene anawatsalira, ati mwina ine angandithandize.

Mkazi wanga anandiuza kuti ndifufute tchati ija, ndipo ndinamuuza kuti ndafufuta. Ikadali pa laputopu, m'foda ina imene ndinailemba kuti zithunzi za mafoni owonongeka. Akapita kumsika Loweruka m'mawa ndimatseka chitseko, ndimatenga bulangete, n'kuimba kamodzi kapena kawiri. Musandiweruze. Mu Joni monse muno, ndi anthu ake onsewa, ndi malo okhawo amene amandiuza kuti ndimaimba bwino. Sabata yatha ndinapeza 99, ndipo nditangomaliza aneba anagogoda kudzafunsa ngati m'nyumba muli wodwala.