Kamera ya Adada ndi Sitiliwaya

Mukadzandiona ndikudutsa mu Chibanja nditazolika, musavutike kufunsa kuti kwagwanji. Ndi kamera. Mpaka lero mvula ikangoyamba (ndipo ya kuno ku Mzuzu siyang'ana kalendala), mkazi wanga NyaGondwe amayang'ana kudenga, kenaka n'kuyang'ana ine.

Adada anga anali wojambula zithunzi, aja ankayenda pa njinga m'maukwati. Atamwalira, tinakhala pansi ndi mlongo wanga Tiwonge kuti tigawane katundu. Zooneka zinalipo ziwiri: malata atsopano amene adada anagula koma osakhoma, ndi kamera yawo yakale ya filimu, yakuda, yolemera ngati nsimbi ya makala.

Denga la nyumba yanga ku Lupaso limadontha. Munthu wa mutu wake akanatenga malata. Koma ine ndinali nditaona kale pa foni kamera yangati yomweyo ikugulitsidwa kunja m'madola, ndipo nditasintha m'makwacha mutu unandizungulira.

"Tiwonge, tenga malatawo, ndiwe wamng'ono," ndinatero ndi mawu a munthu wachifundo.

"Yewo chomene, alamu!" anatero mwamuna wake, uku akunyamula msangamsanga kuopa kuti ndingasinthe maganizo. Ndinamumvera chisoni. Anthu osadziwa za dziko amasangalala ndi malata.

Kunyumba NyaGondwe anaitembenuza kamera ija n'kuinunkhiza. "Adada a Wanangwa, ndiye tifolera chimenechi?"

"Za malonda a kunja uzindisiyira ine," ndinayankha. Ndinamulonjeza malata, ndipo pakamwa patatentha ndinawonjezerapo puloti ku Nkhorongo.

Mtauni muli Che Amidu, wamalonda wochokera ku Mangochi, amene amagula zinthu zakale n'kumatumiza kwa mphwake ku Joni. Ndinawatumizira chithunzi cha kamera pa foni. Sipanapite nthawi, anaimba.

"Achimwene, bwera nayoni mmene ililimo," anatero, n'kutchula mtengo. Kunena zoona, mtengowo ukanafolera nyumba yonse, misomali ndi mmisiri yemwe.

Ine ndinaseka. Ndinaganiza kuti ngati munthu akuthamangira chinthu chili chakuda bii chonchi, nanga chikawala adzalipira zingati? Ine ndinakulira pafupi ndi msika. Nsapato ya kaunjika amayamba aipaka polishi, njinga yakale amaipenta, ngakhale tomato amamupukuta. Ndani anagulitsapo chinthu chili ndi litsiro? Ndinawauza kuti adikire kaye.

Ndinayamba bwinobwino ndi kansalu. Kenaka ndinaona kuti m'makona penti yakuda inaperepeseka, mkuwa ukuonekera. Ndinati tingomaliza zimene zaka zinayamba. Ndinatenga sitiliwaya wa NyaGondwe n'kukwecha thupi lonse mpaka linawala ngati poto wa mkwatibwi. Timalemba ta dzina la kamera tinapita nawo limodzi (panthawiyo ndinaona ngati ndi timikwingwirima chabe).

Chikopa chimene chinakutira kamera chinkanunkha nkhungu. Ndinachisenda, n'kupita kwa wosoka nsapato kuti amatepo china. Chakuda analibe, ndiye tinadula chikwama chakale cha NyaGondwe, chofiira. Chinakhala bwino kwabasi.

Galasi la kutsogolo linali ndi kachifunga. Ndinalitsuka ndi sopo wa ufa, kachifunga kaja n'kusamukira m'kati. Kachitsulo kokokera filimu kankalimba, ndiye ndinadonthezeramo mafuta ophikira. Chikwama chachikopa cha kamerayo, chong'ambikang'ambika, ndinapatsa ana kuti azisungiramo mabotolo awo osewerera.

Tsiku lopita kwa Che Amidu ndinavala jekete. Ndinaika kamera pa kauntala mwaulemu, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aione bwino.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. "Zikomo achimwene. Nanga kamera ija ili kuti?"

"Ndi yomweyi. Ndangoikonzako. Ndiye mtengo uja tiukambenso."

Che Amidu anavula magalasi. Anakoka kachitsulo kaja, mafuta n'kuwatsikira pa chala. Ananunkhiza. "Mumakazingiramo mandasi?"

Ndinawafotokozera zonse, mwadongosolo, ngati munthu woyembekezera kuyamikiridwa. Ndikamatchula chinthu chimodzi, iwo amvekere "Ayi!" Nditafika pa sitiliwaya anakhala pansi.

"Achimwene, anthu ogula zimenezi amagula ukalamba wakewo. Penti yoperepeseka ija, chikopa chonunkha chija, chikwama chong'ambika chija, ndalama zinali mmenemo. Si ndinati mubwere nayo mmene ililimo?"

"Ndiye panopa mungapereke zingati?" ndinafunsa.

"Mdzukulu wanga amakonda zidole. Ndingakupatseni ya minibasi."

Mayi wina amene ankagula machesi anaseka mpaka kugwira khoma. Ndinaika kamera m'jekete n'kutuluka. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa. Kodi ndi anthu amtundu wanji amene amalipira madola chifukwa cha litsiro? Kwathu kuno chinthu chakuda timatsuka, ndipo mlendo sitimupatsa madzi m'kapu ya dzimbiri n'kumati ndi yamtengo wapatali. Misala ina ndi ya anthu okhuta.

Mvula itafika ndinameza malovu n'kupita kwa Tiwonge kukapempha malata ochepa chabe a kuchipinda. Ndinapeza mlamu wanga ali pamwamba pa khola, akukhoma lomaliza. Malata a adada anafolera nkhuku.

"Monire alamu!" anakuwa ali pomwepo. "Mwabwera ndi kamera? Tijambuleniko khola lathuli, lakongola chomene!"

Sindinapemphenso kanthu. Ndinangoti ndimadutsa.

Kamera ija ili pa kabati, ikuwala kuposa china chilichonse m'nyumbamo. Mvula ikagwa timasuntha bedi, n'kutchera mabeseni, ndipo NyaGondwe, atafunda chitenje kumutu, amati, "Adada a Wanangwa, tijambuleni tikunyowa, mwina azungu agula chithunzicho."

Ine ndimanenabe kuti olakwa ndi ogulawo. Komanso kwa apongozi kuli wailesi yakale yamatabwa imene ndaiona pa foni, ndipo ulendo uno ndingoipukuta pang'ono basi. NyaGondwe atangomva zimenezo, sitiliwaya anayamba kumusunga m'chikwama chake chotsala, chokhala ndi loko.