Sabata Yoganiza Zabwino Zokhazokha

Lolemba

Ndabwerako ku chipatala cha Nguludi. M'mimba muja akuti mulibe matenda. Bambo wovala zoyera wandidinadina, kenako akuti: "Achimwene, inu mukudwala maganizo. Choipa chikabwera m'mutu, muzichifunira tanthauzo lina labwino." Mankhwala osandipatsa ngakhale kambewu kamodzi!

Chabwino, ndiyesa sabata ino. Chondidya n'chimodzi: ndine mkamwini pano pa Nchema, chaka sichinathe, ndipo ndikuona ngati akufuna kundipitikitsa. Filomena, mkazi wanga, masiku ano sakuseka nane. Tanthauzo labwino: watopa ndi kuthyola nandolo. Onani, zayamba kale kutheka!

Lachiwiri

Zimene ndaona lero:
- Apongozi ndi amayi ena akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Ine kungotulukira, onse zii.
- Filomena akukana mbewa zokumba ine ndemwe. Ati zikununkha.

Matanthauzo abwino: akunena munthu wina. Mbewazo zinanunkhadi pang'ono. M'mimba mwachita bata. Bambo wa ku chipatala uja ndi munthu ndithu.

Lachitatu

Apongozi apita okha tsidya kwa a Nachisale, mayi wamkulu amene amaitanidwa pakagwa nkhani. Tanthauzo labwino: akukabwereka mtsuko. Koma mtsuko amabwereka atavala chilundu cha ku tchalitchi?

Ndikusenza udzu wofolerera khitchini yawo mpaka khosi gwa, kuti aone kuti ndine munthu wantchito. Ndakumbukira mochedwa kuti ine ndi apongozi sitiyang'anana, tikakumana panjira aliyense amalowera kutchire kwake. Ndiye andiona bwanji?

Lachinayi

Ndalimba mtima, ndafunsa Filomena. Akuti: "Musandifunse ine, akuuzani akuluakulu." Akuluakulu! Mayo ine!

Ndakhala pachulu kufunafuna tanthauzo labwino. Ndapeza ili: mwina akufuna kundiwonjezera munda. Ndaseka ndekha ngati wamisala. Ine amene ndinawamangira khola la mbuzi n'kugwa mbuzi zisanalowe? M'mimba mwayambanso kupota.

Lachisanu

Njira yatsopano: osaganiza n'komwe. Ndikusosa m'munda uku ndikuimba nyimbo za Chilatini. Pakamwa pakuimba, mutu ukulongedza katundu.

A Matiki, mkamwini mnzanga, abwera kudzanditonthoza. Akuti: "Ine pamudzi pamene ndinakwatira koyamba, pondichotsa anangondiikira khasu pakhonde, basi. Musadandaule achimwene, ku Halale ntchito ilipo." Zikomo a Matiki. Chitonthozo chotere mukapatse mdani wanu.

Loweruka

Ndazisiya. Zoganiza zabwino n'za anthu okhala kwawo. Ndamanga mtolo: bulangete, khasu, kolona, kampando kosema ndekha. Akandithamangitsa andipeze wokonzeka, ndisachite manyazi kutolatola zinthu anthu akuonerera.

A Nachisale afika, akundiitanira m'nyumba. Ndikulowa mtolo uli kukhwapa. Filomena ali pamphasa, wazolika.

A Nachisale akuti: "Akamwini, ulendo wa kuti uwu? Takhalani pansi. Mnzanuyu ali ndi pakati. Lero n'chisamba, tabwera kudzakulangizani nonse awiri."

Ine kukamwa yasa! Kani mimba yoyamba mwini wake saitchula akuluakulu asanaitchule. Kunong'ona kuja amaopa aphunzitsi a tchalitchi, amene safuna kumva za miyambo. Ndalira. Inde, ndalira ndithu, pamaso pa azimayi, mtolo uli pamiyendo. Malangizo ambiri andidutsa. Ndagwirapo lakuti ndisamaime pakhomo ndi lakuti ndisayang'ane kumbali.

Lamulungu

Misa yatha, m'mimba muli phee. Ndadya kawiri.

Sabata yonse ndafukula matanthauzo, oipa ndi abwino, koma lenilenilo silinandifike m'mutu n'kamodzi komwe. Ndavomera, mutu wangawu suphunzira. Lero lomwe wayamba kale zina: nanga mwana akadzabadwa nthawi ya mvula, mtsinje utadzaza? Ndauuza kuti udikire kaye, ukandifunse mvula ikayamba. Zimenezo ndiye ndingathe.

Filomena akumasula mtolo wanga, akubwezera chilichonse pamalo pake. Kenako akundiyang'ana: "Kampando munakakumbuka. Nanga ine?"

Ndangomufunsa chimene mtima wake ukufuna. Akuti akulakalaka bwemba. Ndikupita kukathyola.