Mpendero wa Chimanga

Mpaka lero ndikaona nyani ndimayang'ana kumbali, ngati munthu amene wakumana ndi apongozi akuchokera kosamba.

Ife amayi a ku tchalitchi ku Maramba timasoka zofunda za zigamba za chitenje, n'kumakagulitsa kwa alendo ku Mathithi. Ine ndinayamba kugwira singano a Namakau, mnzathu wa ku Linda, asanamere mano. Koma mlendo aliyense amathamangira kwa iwo. Nkhani yake ndi mpendero. Amapinda kansalu kakuda kuzungulira m'mphepete monse, ngodya zili ngati zodula ndi mpeni, kumbuyo n'kusokerako kathumba kakatali kolowetsamo nsungwi kuti chofunda chipachikike pakhoma osakwinyika. (Kodi khoma limamva kuzizira? Musandifunse ine.)

Tsiku lina mayi wa loji ina anati adzabwera Loweruka kudzasankha chimodzi chopachika polandirira alendo.

"Ba mbuya, bwelani nikulangizeni mosokela kathumba," anatero a Namakau.

"Zikomo mwana wanga, singano ndimaidziwa." (Mumtima ndinati, mwana wadzulo andiphunzitse ine?)

Ndinafuna kuwaposa. Mikanda aliyense ali nayo. Ine ndinatenga chimanga cha makolo chimene mlongo wanga ananditumizira kuchokera ku Katete, chija cha njere zofiira ndi zakuda. Ndinachiviika, ndinaboola njere imodziimodzi, n'kuzilendewetsa m'mphepete monse. Pangodya ndinamangirira mtedza wamakoko. Kukongola kwake, mukanaona.

Loweruka, ku Mathithi kuja, ndinachiyanika pachingwe ndi zopanira zovala, pafupi ndi cha a Namakau chimene chinali pansungwi yake, yomangidwa zolimba kumtengo. Mayi wa loji anayamba kuima pa changa. Anagwira njere, namwetulira. Ine ndinaponyera a Namakau diso lam'mbali.

Apo ndiye panatsika kasitomala wina mumtengo: nyani wamphongo, msinkhu ngati mdzukulu wanga wamkulu. Anagwira ngodya ya mtedza n'kukoka, zopanira zinadumphira uko. Ine ndinagwira ngodya ina. Iye kukoka, ine kukoka, iye kundionetsa mano, ine kumutukwana m'Chichewa cha kwathu. Kenako ndinamva chitenje changa chikumasuka m'chiuno. Manja ndi awiri okha, abale anga. Ndinasankha chitenje.

Nyaniyo anakakhala padenga la chimbudzi, n'kumadya mpendero wanga mzere ndi mzere, ana ake atafunda mbali inayo. Alendo anajambula mpaka kutopa.

A Namakau anandigwira paphewa. "Ba mbuya, mwatiwina. Chanu ndiye chayamba kuyenda."

Chawo chili pakhoma la loji ija. Kathumba kaja ndinakaphunzira, koma sindinawapemphe ayi. Ndinasuzumira kumbuyo kwa chofunda chawo china iwo atapita kukamwa madzi. Ndipo ngodya zawozo zimene anthu amatama, mukayang'anitsitsa, imodzi ndi yokhota.