Nkhope Imene Ndinaitola Pamsika wa Malowera

Ndinene poyera ndisanayambe: dzanja langa ndi labwino. M'Maravia muno mulibe wina amene angajambule munthu n'kumufanizira ngati ine. Ndipo luso lomwelo ndi limene landilimitsa munda wa eni chaka china chathunthu.

Ntchito yanga ndi yojambula nkhani za zithunzi, zija za timabokosi, zimene mabungwe amamata pa posito ya saude (kachipatala ka kumudzi) ndi pa sikola. Ndimakhala pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Tereza, kufupi ndi Malowera. Pamene izi zinkachitika n'kuti zaka zitatu zitakwana, ndipo ankhoswe anali atapereka kale pempho langa la chitengwa, loti nditenge banja langa tikakhale ku Fingoe kumene kuli ntchito zambiri. Apongozi aakazi anali atanena kuti ayankha tikakolola.

Kumeneko ulemu wa mkamwini ndi kupewa apongozi. Mukakumana panjira umapatukira kutchire, akamalankhula umayang'ana pansi. Ine ndinkachita zimenezi mopitirira muyeso (ndinkafuna chitengwa, musaiwale). Zaka zonsezo apongozi anga ndinkawadziwa mawu, mapazi ndi chitenje chawo chakumunda. Nkhope ayi.

Tsono a shefi a bungwe lina la ku Fingoe anandiimbira foni. Ankafuna nkhani ya mayi wosavundikira madzi akumwa, mpaka banja lonse kutsegula m'mimba.

"Lachisanu la sabata yamawa mota ibwera kudzatenga zithunzizo," anatero. "Isadzakupezeni mukusongola lapisi."

Masiku analipo okwanira. Koma pa Malowera pali baraka ina, kanyumba kosangalaliramo, imene imaonetsa maboneko (makatuni) akalekale pa televizau ya sola, aja opanda mawu, ongoyenda ndi nyimbo. Ndimawakonda, sindibisa. Munthu amagwedwa ndi mwala n'kuphwatalala ngati chigumu, kenako n'kudzuka, kudzipopa yekha, ulendo. Amene ankajambula zimenezo anali amisiri, chifukwa ukayang'ana nsidze yokha umadziwa zimene zili mumtima mwa munthuyo. Ndinkalowa m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, ndipo kunyumba ndinkati ndinali kufufuza za ntchito.

Ndinadzidzimuka Lachinayi, papepala pali mabokosi okhaokha opanda munthu.

Ine nkhope sindipeka, ndimachita kutola. Ndinatenga kaderno wanga wojambulamo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango pamsika. Kutsidya kwa msewu kunali mayi wina wachikulire, atatchena chitenje chatsopano ndi duku, akukangana ndi wogulitsa matimati. Mawu ake sankandifika chifukwa cha phokoso, koma nkhopeyo inali mphatso. Mpata pakati pa mano, kanjerewere pachibwano, nsidze imodzi yokwera yokha akakwiya. Mphindi zisanu zinandikwanira.

Ndikanasiyira pomwepo mwina zikanachepa. Koma mutu unali utadzaza maboneko. Ndinamutuzula maso, ndinamuzunguliza ntchentche, ndipo m'bokosi lomaliza ndinamuthamangitsira kuchimbudzi miyendo ikuzungulira ngati mateyala a njinga, fumbi koboo kumbuyo. Mota inandipeza nditamaliza, ndikuimba mluzu.

Patatha masabata awiri, mayi a Tereza anapita ndi mwana ku posito ya saude. Anabwerako atapinda chipepala m'manja, n'kuchitambasula pamphasa patsogolo panga.

"Bambo a Tereza, awa ndani?"

"Mayi wina wa pamsika. Ndawafanizira, eti?"

"Mwawafanizira zedi. Mzere wonse wa kuchipatala wawazindikira. Ndi amayi."

Ndinayang'ana kanjerewere kaja, n'kuyang'ana chibwano cha Tereza, amene anali kumbuyo kwa amake. Nayenso anali nako.

Mlandu unakambidwa Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe, ine mbali inayo nditazyolika, ankhoswe anga pakati (ndi mkulu wodziwa kulankhula, koma tsiku limenelo ndinamumvera chisoni).

"Mayi, mwana wathuyu walakwa," anayamba ankhoswe. "Koma akuti sanadziwe kuti ndinu."



"Ndiye mundisankhire inuyo," anatero apongozi. "Kapena mkamwini wanga anandiyang'anitsitsa mpaka kuwerenga mano anga, kapena wamwa madzi a pakhomo panga zaka zitatu osandidziwa. Chabwino n'chiti pamenepa?"

Ankhoswe anakanda mutu n'kuyamba kuyang'ana nkhuku.

"Komanso madzi anga ndimavundikira. Afunseni anthu."

"Timadziwa, mayi."

"Za chitengwazo zidikire. Munthu wosadziwa nkhope za pakhomo ndingamupatse bwanji mwana wanga? Tsiku lina ndidzapita ku Fingoe kukaona mdzukulu, iye n'kundipitirira pamsewu. Akhale chaka china, atiphunzire bwinobwino."

Zinandiwawa, ndisaname. Koma amene anandimvetsa chisoni kwambiri ndi mayi a Tereza, chifukwa anali atamanga kale ziwiya zawo m'thumba, ndipo ndinawaona akuzitulutsa chimodzichimodzi.

Lolemba a shefi anaimbanso foni ali okondwa. Akuti chiyambire sanaonepo anthu akuunjikana pa chipepala cha saude ngati chimenechi, ena mpaka kuchokera ku midzi yakutali.

"Mayi ameneyu tisamutaye," anatero. "Mumujambulenso pa nkhani ya mphere."

Ndinawauza kuti mayiyo anapuma pantchito.

Chaka chija chikutha mwezi wamawa, ndipo manja anga ali ndi zikang'a za khasu. Ku baraka ndimapitabe, munthu sungasiye zonse. Chimene ndinasintha n'chakuti nkhope iliyonse imene ndatola ndimayamba ndaionetsa mkazi wanga mota isanafike. Sabata yatha ndinawaonetsa chidakwa chogona panja popanda neti, ntchito yokongola kwambiri, udzudzu ukuchita kuima pamzere. Anachiyang'ana kamodzi kokha.

"Fufutani msanga," anatero. "Awa ndi atsibweni anga. Ndi amene atsala kuti avomereze chitengwa."